Mutu 6: Mizere Yotuwa mu Kaundula wa Osowa

1. Zala zothamanga

Mu ofesi ya kaundula wa anthu osowa munali mtsikana wina amene aliyense ankamutchula kuti Changu. Dzinali analipata tsiku loyamba lomwe, chifukwa zala zake zikafika pa kompyuta zinkathamanga ngati zaba kanthu. Anali atangomaliza sukulu, ndipo pantchitopo anali akadali m'miyezi yoyeserera. Mwana wabwino ndithu, waulemu, wosachedwa. Vuto lake linali limodzi: sankakonda kufunsa. Ine ndinene poyera, munthu wosafunsa amandiopsa kuposa mbala.

Ofesiyo inatsegulidwa zaka zitatu m'mbuyomo, madzi osefukira atakokolola nyumba ndi anthu omwe. Aliyense wotaya m'bale ankabwera kudzalembetsa dzina, mpaka mayina anapitirira zikwi zinayi. M'chipindamo munali madesiki atatu, benchi yaitali ya alendo, ndi kabati yachitsulo yomwe chitseko chake chinkalira chokha mphepo ikalowa.

Desiki imodzi inali ya Changu. Ina inali ya kalaliki wamkulu, bambo wa imvi amene ankamutchula kuti a Mafayilo poti pepala sankataya. Yachitatu, ya pakona, inalibe mwini. Kalaliki amene anayambitsa kaundulayo anamwalira chaka chapitacho, ndipo mpando wake palibe ankaukoka. Kompyuta yakale inali pomwepo, ikupuma mokoka ngati wodwala chifuwa.

Mayina onse ankasungidwa mu pulogalamu ya kampani ina yaikulu ya kunja. Pulogalamuyo boma linkangobwereka, ndipo mkati mwake palibe ankaloledwa kusuzumira. Boma litatopa nazo, linalamula kuti maofesi asamukire ku mapulogalamu otseguka. Amenewa ndi mapulogalamu omwe malangizo ake amkati ali poyera, moti katswiri aliyense atha kuwawerenga ndi kuwakonza popanda kukagwadira munthu. Laisensi ya pulogalamu yakale inali yoti ithe Lachisanu, 12 koloko masana. Nthawiyo ikangokwana, pulogalamuyo idzitseka yokha.

Lolemba kunabwera a Katswiri, mayi wa ku likulu amene ankayendera maofesi kuika pulogalamu yatsopano. Anamuonetsa Changu kasamutsidwe ka mayina.

"Ukaona chachilendo chilichonse, undiimbire," anatero a Katswiri potuluka. "Ngakhale chikhale chaching'ono bwanji."

Ntchito ili mkati, pa sikirini panatuluka kabokosi ka mawu: Mitundu ya mizere siisamutsidwa. Mukufuna kupitiriza?

Changu anayang'ana kaundula wakaleyo. Zoonadi, mizere ina inali yoyera, ina yobiriwira, ina yotuwa.

"Akuluakulu awanso ndi zokongoletsa," anatero yekha, akuseka.

Foni inali pambali pake. A Mafayilo anali pa desiki yawo, mapazi anayi okha kuchokera pamene iye anakhala. Sanaimbe, sanafunse. Anadina "Inde". Dzuwa lisanapendeke anali atasaina kale fomu yonena kuti zonse zasamuka bwinobwino, ndipo abwana a ofesiyo anamuyamikira pamaso pa onse.

2. Mlendo wa Lachitatu

Lachitatu m'mawa a Mafayilo anapita kuchipatala kukapimitsa maso, Changu n'kutsala yekha. Cha m'ma 10 koloko munalowa mayi wachikulire, wochepa thupi, atafumbata kachikwama pachifuwa. Anakhala kunsonga kwenikweni kwa benchi ngati akuopa kuidetsa.

"Takulandirani amayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Mwana wanga, ndachokera kutali, ndayenda masiku awiri. Mnyamata wanga anabwera kuno kudzagwira ntchito yomanga nyumba. Madzi aja atabwera, mnzake ndi amene anadzalembetsa dzina lake kuno. Ine miyendo inandikaniza zaka zonsezi. Lero ndati ndikamve ndekha ndi makutu anga."

Anatchula dzinalo pang'onopang'ono, kawiri. Changu analemba, ndipo dzinalo linatuluka nthawi yomweyo. Pulogalamu yatsopanoyo inali ndi khalidwe lake: dzina lililonse lopanda chizindikiro inkalilembera mawu amodzi pambali.

"Amayi, apa palembedwa kuti akufunidwabe."

"Ndiye kuti thupi lake sanalipeze?"

"Sanalipeze, amayi."

"Ndiye kuti mwina ali moyo?"

"Mwina ali moyo, amayi."

Mayo ine! Mukanaona nkhope ya mayi ameneyo. Anaseka, misozi ikutsika, n'kugwira dzanja la Changu ndi manja onse awiri.

"Kwathu anandiuza kuti ndilire maliro, ine ndinakana. Ankati ndapenga. Wamva mwana wanga? Ankati ndapenga ine!"

Changu anakondwa kuti wathandiza munthu. Anawauza kuti pulogalamu yatsopanoyo imalola kuikamo chithunzi, kuti ofufuza azidziwa nkhope ya amene akumufuna. Mayiyo anati chithunzi chilipo, chili kwa mdzukulu wawo kumene afikira, ndipo abwera nacho Lachisanu masana. Anatuluka akuyenda ngati munthu amene wachira.

3. Chimene malemu anasiya

A Mafayilo anafika masana, maso ali psuu ndi mankhwala. Podutsa kumbuyo kwa Changu anaima.

"Iwe, kodi ndi maso angawa, kapena mizere yonseyi ili mbee?"

"Ili mbee, bambo. Zokongoletsa zija zinatsala m'pulogalamu yakale."

"Zokongoletsa?"

Nkhalambayo inakhala pansi osayang'ana pomwe pali mpando. Kenaka inadzuka, n'kumukoka mtsikanayo dzanja mpaka pa desiki ya pakona.

"Tamvera mwana wanga, ndipo umvetsetse. Pamene tinkatsegula ofesi ino, pulogalamu iyi inalibe malo olembapo ngati munthu wapezeka kapena ayi. Inapangidwira kuwerengera katundu wa m'sitolo, osati anthu. Tinalembera kampaniyo makalata atatu kupempha kuti atiikire kamalo kamodzi kokha. Anatiyankha kuti pempho lathu lalandiridwa. Mpaka lero likulandiridwabe. Ife kukonza tokha sitikanatha, poti mkati mwake munali mokhoma. Ndiye malemu amene ankakhala apawa anati, abale, tiyeni tizipaka mitundu. Mzere woyera, munthu akufunidwabe. Wobiriwira, wapezeka wamoyo. Wotuwa, thupi linapezeka ndipo linaikidwa m'manda. Mzere uliwonse wotuwa umene ukuuonawo, malemuwa anapita okha kukaona thupi, n'kubwera kudzaupaka mtunduwo. Iwe ukuti zokongoletsa! Wadzutsa akufa, mwana iwe, ndipo amoyo wawasowetsanso kachiwiri."

Changu anawerama pa kompyuta yakaleyo, osakhudza mpando, n'kulemba dzina limene mayi uja anatchula. Zala zake zinalakwitsa kawiri.

Dzinalo linatuluka. Mzere wake unali wotuwa.

Chitseko cha kabati chinalira kamodzi.

Changu anaulula zonse: za kabokosi ka Lolemba, za fomu, za mayi amene abwerenso Lachisanu ndi chithunzi. A Mafayilo anamvetsera atagwira chibwano.

"Nanenso ndili ndi mlandu, sindinakuuze za mitunduyi. Ndinkayesa aliyense akudziwa, poti ife tinazolowera. Koma ndikuuze zoona zake. Ine sindikakunenera kwa abwana. Ukakhala chete mpaka Lachisanu masana, kompyuta iyi idzitseka, ndipo palibe adzakugwire. Ine ndikanena, adzati nkhalambayi maso anatha. Ntchito yako idzakhazikika, udzakwezedwa mwina. Koma udziwe kuti anthu adzakhala akubwera pa benchi iyo chaka ndi chaka, ndipo iwe udzakhala ukuwauza kuti akufunidwabe, akufunidwabe, pamene mtima wako ukudziwa kuti ena anagona kalekale. Ine ndakhala m'maofesi zaka makumi atatu. Ndaona anthu oba mafuta a galimoto akugona tulo tabwino. Koma munthu wonamiza wofedwa sindinamuonepo atanenepa. Pita kunyumba ukaganize. Mawa uchite chimene ungathe kukhala nacho mpaka kukalamba."

Madzulo amenewo Changu anafika kwawo osalonjera. Mayi ake anamuikira chakudya, iye anangochiyang'ana mpaka chinazizira.

4. Pakhomo pa abwana

Lachinayi m'mawa abwana anali pa chipwirikiti. Mawa lake kunali kubwera akuluakulu kudzaona ofesi yoyamba kumaliza kusamuka, ndipo iwo anali atakonza kale mawu okalankhula. A Katswiri nawonso anali momwemo, atabwera kudzaona ngati zonse zili m'malo.

Changu anaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba. Anabwerera kamodzi mpaka pakati pa khonde. Kenaka anatembenuka n'kugogoda.

"Lowa! Aa, ndi katswiri wathu wamng'ono. Kwagwanji?"

"Bwana, fomu ija ndinasaina ndi yabodza."

Anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Sanatchule kuti a Mafayilo sanamuuze za mitundu. Abwana anamenya tebulo mpaka zolembera zinadumpha.

"Ukudziwa chimene wachita? Fomu ija ndinatumiza kale ku likulu! Mawa ndikaima pamaso pa anthu ndikanena chiyani? Mwana wa dzulodzuloli kundichititsa manyazi chonchi! Ukudziwa kuti ukadali woyeserera iwe?"

"Ndikudziwa, bwana."

Abwana anaimbira kampani ija pomwepo, kupempha sabata imodzi yokha yoonjezera. Mawu a mbali inayo anali ofatsa, aulemu kwambiri. Anati n'zotheka ndithu, bola boma lisaine pangano lina la zaka zitatu. Abwana anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Akufa athu omwe," anatero, "tiziwabwereka kwa eni ake?"

A Katswiri ndi amene anadula nkhaniyo.

"Bwana, kukalipa mukalipa Lolemba. Lero tili ndi tsiku limodzi ndi theka. Mwanayu akanabwera mawa madzulo, bwenzi tikulira. Pulogalamu yathuyi ndi yotseguka, malo amene malemu ankapempha aja ndiwaika ine ndekha tiyi asanazizire. Koma pulogalamu yakaleyo mitundu siitulutsa, imangoionetsa. Pafunika munthu woona ndi maso ndi wina wolemba, dzina limodzilimodzi."

Anatembenukira kwa Changu.

"Ndipo iwe, ndinakuuza kuti undiimbire. Pulogalamu yotseguka siithandiza ngati anthu oigwiritsa ntchito atseka pakamwa. Kabokosi kakafunsa funso, ndiye kuti pali chimene kakuona chomwe iwe sukuchiona. Kufunsa sikuchotsa nzeru. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

5. Kuitana mayina

Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwini wake, mpando wa pakona unakokedwa. A Mafayilo anaupukuta ndi mpango wawo asanakhalepo. Changu anasendeza desiki yake pafupi.

Nkhalambayo inkatchula dzina ndi mtundu, mtsikanayo n'kumalemba.

"Woyera. Wotuwa. Wotuwa. Wobiriwira. Woyera."

Poyamba Changu anafuna kuthamanga monga mwa masiku onse, koma a Mafayilo anamuletsa. Anati dzina lililonse azilibwereza mokweza asanadine, kuti asapake munthu wamoyo imfa. Choncho mayinawo ankamveka kawirikawiri m'chipindamo, mawu okalamba ndi mawu achitsikana, ngati pali anthu amene ayankhe.

Abale anga, ntchito imeneyo inali yowawa. Mayina a banja limodzi ankatsatizana. Panali banja lina la anthu asanu ndi mmodzi: bambo wotuwa, mayi wotuwa, ana atatu otuwa, kamwana kotsiriza kobiriwira. A Mafayilo atafika pamenepo anavula magalasi n'kunamizira mankhwala a m'maso.

Maso awo atalemadi, a Katswiri analowa m'malo. Nawonso atatopa, abwana eni ake anavula jekete n'kukhala pampandopo. Mlonda atabwera kudzatseka 5 koloko, mayina olembedwa anali atangopitirira theka pang'ono.

Lachisanu anayamba dzuwa likutuluka. Akuluakulu aja atafika, anapeza abwana akuitana mayina malaya atapinda. Anaima pakhomo kanthawi, zipewa zili m'manja, ndipo anabwerera osamva mawu okonzedwa aja.

Changu sanadzuke ngakhale kukamwa madzi. Zala zinatupa. Wotchi ya pakhoma inkangoyenda, yopanda chisoni.

"Wobiriwira," anatero a Mafayilo. "Ndi lomaliza limeneli."

"Wobiriwira," anabwereza Changu, n'kudina.

Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Onse anayang'ana kompyuta yakaleyo. 12 koloko itakwana, mayina onse anazimiririka nthawi imodzi. Panatsala mawu ochepa pakati pa sikirini: Nthawi ya laisensi yanu yatha.

A Katswiri anapumira m'mwamba. Abwana anagwira Changu paphewa, n'kubwerera ku ofesi yawo.

6. Chithunzi

Mayi uja anafika 1 koloko. Anali atavala mpango watsopano, ndipo analonjera aliyense ndi chimwemwe. M'manja anali ndi envulopu.

"Ndabwera nacho, mwana wanga. Taona mmene analili wokongola. Apa n'kuti atangogula jekete yakeyi."

A Mafayilo anayamba kudzuka kuti alankhule ndi iwo, koma Changu anawapempha ndi dzanja kuti akhale. Anachoka pa desiki, n'kukagwada patsogolo pa benchi.

"Amayi, ndinakulakwirani. Lachitatu lija ndinakuuzani zimene sizinali zoona. Ndinalakwitsa ine posamutsa mayina, ndipo ndinawerenga zolakwikazo. Mwana wanu anapezeka, amayi. Anamuzindikira ndi dzina lake. Sali moyo. Anaikidwa m'manda chaka chomwe chija."

Mayiyo sanakuwe. Anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana Changu, n'kuyang'ananso chithunzicho.

"Dzulo ndinaimbira kwathu," anatero motsitsa. "Ndinawauza onse kuti mwina ali moyo."

"Pepani amayi. Pepani."

Changu analira ngati mwana. Ndipo taonani mtima wa munthu: mayi wofedwayo ndi amene anatambasula dzanja n'kumupukuta misozi.

"Basi, mwana wanga, basi. Wandipweteka, sindikubisira. Koma ukanandisiya, bwenzi ndikumuikira mbale mpaka tsiku langa lomwalira. Tsopano ndamva. Ingondiuza chimodzi, ndipite ndikamuone ndisanabwerere kwathu. Anamuika kuti?"

Changu anathamangira pa kompyuta yake. Dzina linalipo. Pambali pake panali mawu amene iye mwini analemba: Anaikidwa m'manda. Kupitirira apo panalibe kanthu.

"Bambo," anaitana, "malo a manda amalembedwa pati?"

"Ika kamuvi ka pa sikirini pa dzinalo, udikire pang'ono," anayankha a Mafayilo. "Patuluka kakalata kakang'ono. Malemu ankalemba m'menemo dzina la manda ndi nambala yake."

Changu anaika kamuvi pa dzinalo. Anadikira. Palibe chinatuluka.

A Katswiri anaimirira. "Kakalata kanji, bambo? Palibe anandiuza za timakalata."

"Kodi sitimayenda pamodzi ndi mayina?" anafunsa a Mafayilo, mawu akuchepa. "Ine ndinkayesa kuti dzina likasamuka, kakalata kake kamatsatira."

Kalanga ine! Tsiku ndi theka anakhala pamaso pa kompyuta imeneyo akutsitsa mizere ndi batani, ndipo palibe anaimitsa kamuvi pa dzina ngakhale limodzi. Onse atatu anatembenukira ku desiki ya pakona. Mawu aja anali pomwepo pa sikirini, osasuntha.

"Fayilo ya kaundula ilimo m'kompyutamo," anatero a Katswiri. "Timakalata tonse tilimo, manda onse. Koma yakhomedwa, ndipo kiyi sali ndi ife. Ndiyesa kuitsegula ndekha, kaya zitenga masiku angati, kaya zitheka. Sindikulonjeza."

Mayiyo anamva zonsezo. Za mafayilo ndi timivi sanazimvetse, koma anamva kuti mwana wake ali m'bokosi lija pakona ndipo sakumutulutsa. Anabwezera chithunzi mu envulopu mosamala. Kenaka anawerama, anavula nsapato zake, n'kuziika bwinobwino pansi pa benchi.

"Gwirani ntchito yanu, ana anga, ine sindikusokonezani," anatero. "Ndikhala pompano mpaka mundiuze pamene wagona."